Choko pa Tayala la Apongozi

Lolemba, 2 Disembala

Kwatsala masiku 17 kuti Chitsiriza, mwana wanga, achire. Anamwino anati pa 19. Ndikhala kuno kwawo, kunja, dziko la chipale chofewa, mpaka tsikulo.

Apongozi, amuna a Chitsiriza, abwera ndi matayala atsopano pa galimoto yawo yayitali ija. Akuluakulu, mano ngati a thirakitala. Akuti, "Ababa, awa ndiye opita paliponse, m'matope, m'miyala." Ndawayamikira. Atalowa m'nyumba ndinawerenga pa tayala: 265/70 R17. Kapepala ka pachitseko cha dalaivala kakuti 245/65 R17.

Lachiwiri, 3 Disembala

Ndayeza ndi tepi. Msinkhu, atsopano ndi 80 cm, akale 75. M'lifupi aposa ndi 2 cm. Sipeya ikadali yakale.

Zaka 31 ndakhala ndikumata matayala. Tayala lotambalala limayandama pa chipale chofewa, lopyapyala limaboola n'kugwira pansi. Labala ya matayala a m'matope imaumanso kukazizira. Kuchoka pano kukafika pa tala ndi makilomita 4 otsetsereka, makhona awiri. Kuchipatala njira ndi yomweyo.

Koma galimoto ndi ya eni, nyumbanso ndi ya eni.

Lachinayi, 5 Disembala

Chipale chagwa. Popita ku sikelo galimoto inatsetsereka cham'mbali pa khona yachiwiri. Apongozi anaseka, "Yangovina pang'ono." Chitsiriza anagwira mimba ndi manja onse. Ine ndinangoti kwazizira.

Masana anandipeza kukhitchini. "Ababa, mwakhala mukuizungulira galimotoyi ngati mukufuna kuifunsira. Nenani." Ndinati si bwino kuphunzitsa munthu pakhomo pake. Iwo, "Ndiye mudzanena tili m'ngalande?"

Loweruka, 7 Disembala

Pakamwa pandikanika, ndiye ndinatenga choko. Ndinapaka m'mphepete mwa tayala lakutsogolo, n'kupempha apongozi kuti apinde chiwongolero mpaka kumapeto, asunthe pang'ono. Choko chonse chinatsalira mkati mwa madigadi, pamene tayala linkakhula. Anasuzumira nthawi yayitali.

Kenako ndinawapatsa matcheni a pa chipale, amene anagulira matayala akale, kuti akulunge pa tayala latsopano. Anakoka mpaka misempha kutuluka. Anaperewera zala zinayi.

"Afupika ndi kuzizira," anatero. Palibe anaseka. Chakudya anakadyera m'galaja.

Mwina ndawachititsa manyazi. Choko chimalankhula mokweza kuposa ine.

Lamulungu, 8 Disembala

Moni yekha. Kwatsala 11.

Lachiwiri, 10 Disembala

M'mawa ndinapeza galimoto ili pa jeke. Pambali matayala anayi opyapyala, a m'nyengo yozizira, a chizindikiro cha phiri ndi chipale. 245/65 R17. Ndinawerenga onse anayi, kawiri.

Apongozi osandiyang'ana anati, "Akuluwa ndasunga, ndidzawaika dzuwa likabwerera." Ndinati ndi matayala abwino ndithu. Anandipatsa sipanala. "Mangani ndinu. Akuti ine ndimamanga manati motsatana ngati ndikusoka."

Ndinawaonetsa kumanga modumphitsa, ili kenako loyang'anana nalo. Tayala lachitatu anamanga okha. Tili pa lachinayi ndinati kwatsala masiku 9, tapeza mpata.

Chitseko chinatseguka. Chitsiriza, chikwama m'manja, atatsamira khoma. "Ababa, masamu anu aja alakwika."

Manati awiri omaliza tinamanga tonse, sipanala imodzi.

Ndikulemba ndili pa benchi kuchipatala, 11:40. Manja akadali akuda. Apongozi akuyendayenda m'khonde, sipanala ili m'thumba la jekete, aiwala kuisiya.

Pa khona yachiwiri galimoto siinavine.