Nthungululu Zimene Ndinaimba ku Mandimba

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Rozalina, mwana wanu wolongolola uja. Kuno ku Itepela tilipo ndithu, koma lero ndikulemba nkhope ili pansi.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika ndi nkhani zoipa asanalonjere. Mkazi wa mdzukulu wanu Paulo anachira, mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Mbuzi yanu yamawanga ija yakalamba koma sinasiye kuba. Fodya chaka chatha anatikana, mvula inadula msanga. Koma chimanga chaka chino, eee, chabiriwira moti anthu odutsa panjinga amachita kuima n'kumafunsa kuti munda ndi wa yani. Musafulumire kukondwa, Amayi. Manyazi anga ali m'chimanga chomwecho.

Munatisiya achimwene a Bonifasiyo atangoyamba kumene uphungu ku Nyumba ya Malamulo. Mukukumbuka momwe munawamangira mtedza wokazinga pa nsalu yanu ya kapulana, ngati ku Maputo kulibe chakudya? Zaka zisanu zija zinatha, chipani sichinawaikeponso. Anabwerera ku Cuamba ndi masuti ndi kamimba, pano akuyendetsa chigayo. Msewu wathu udakali womwe uja, wometa matayala a shapa, timabasi tathu tija. Ine ndiye ndinkanyada zedi nthawi imeneyo. Pamjigo ndinkangofika n'kutchera ndowa kutsogolo, eti mlongo wa deputadu, phungu weniweni. Lero amayi omwe aja amandiitana dzina lomwelo, koma akutsinana.

Chaka chomaliza cha achimwene kumeneko, ndinapita ku Mandimba kukagulitsa nyemba. Ndinatengana ndi chitsiriza wanga Lusiya, amene tinamupatsa dzina lanu. M'sitolo ina munali kanema, anthu ataunjikana. Akuonetsa Nyumba ya Malamulo, aphungu onse akuwomba m'manja, a mbali ino ndi a mbali inayo. Mwadzidzidzi, kumbuyo kwenikweni, ndinaona dazi la achimwene! Amayi, ndinaimba nthungululu m'sitolo ya eni ake mpaka mwini sitolo anagwira m'makutu. Ndinauza aliyense kuti awo ndi achimwene anga, bere limodzi. Zimene ankawombera m'manja sindinamve, Chipwitikizi cha ku Maputo chimathamanga, changa ndi cha pamsika. Sindinafunsenso. Lusiya anangondiyang'ana n'kumwetulira, ine n'kumayesa kuti akunyadira amalume ake.

Tsopano imvani. Lusiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kusukulu mutu wake umagwira. Mvula isanayambe kunabwera bambo wina wogula nsomba ku nyanja ya Amaramba, wa njinga yamoto, wamkulu kuposa Paulo, mkazi ali naye kale. Anayamba ndi kutisiyira nsomba zouma. Kenaka anatula matumba a feteleza pakhonde, akuti kungothandiza. Ine si mwana, Amayi, ndinadziwa kuti feteleza ameneyu ali ndi maso. Koma nkhokwe inali pululu, fodya atatikana. A Jowakimu, bambo a Lusiya, anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali, mawa lake tinakathira m'munda.

Chimanga chitamasula, bambo uja anatuma ankhoswe ake. Ife tinaitana achimwene ku Cuamba, paja mwini mbumba ndi iwo. Kunena zoona, pansi pa mtima ndinkati munthu wokhala ku Maputo zaka zisanu adzakana yekha, ine n'kupulumukira pamsana pake. Sindinawauze zimenezo. Ndinangowaphera nkhuku.

Tinayala mphasa pansi pa mango amene munabzala aja. Alendo anayankhula zawo, a Jowakimu anavomera. Onse anatembenukira kwa achimwene. Iwo anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anakonza tayi, n'kunena kuti ngati onse agwirizana, iwo alibe mawu. Basi! Anthu anatambasula manja kuti awombe, nkhani ithe. Nanenso, Amayi, ndinatambasula anga.

Pamenepo Lusiya anatuluka m'nyumba, osaitanidwa. Anagwada bwinobwino monga munamuphunzitsira, n'kuti: "Amalume, pepani. Lamulo lija munaliwombera m'manja ku Maputo, loletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kodi kuno silifika?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Amayi, inu munaliimbira nthungululu ku Mandimba. Ine ndinasangalala tsiku lija, ndinkayesa mwamva."

Amayi inu! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mwana anasunga nthungululu zanga zaka zonsezi ngati lonjezo, chonsecho ine ndinkaimbira dazi. Ankagona mtima uli m'malo, akudziwa kuti mayi ake sangamugulitse, pamene mayi akewo akuthira feteleza m'munda. Manja anga anangouma m'malere, kuwomba osawomba, kubweza osabweza. Alendo anatola zipewa zawo, anati abweranso tikakolola, ndipo mmodzi anaponya mawu akuti kwawo ana sayankhula pabwalo.

Achimwene ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, atavula jekete. Ndinawakalipira, mukundidziwa. Ndinati munthu wopanga malamulo a dziko lonse, kulephera kutchinjiriza mwana wa mlongo wako! Ndinawakumbutsa mawu anu, akuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Sanandibwezere ukali. Anandiuza kuti zaka zisanu zonse zija sanaimirirepo kuyankhula ngakhale kamodzi. Akuluakulu ankakambirana kutsogolo, iwo ankadikira kuona kuti anzawo akutani, n'kutsatira. Lamulo limenelo anati analikonda ndithu, ndipo limanena kuti wokwatira mwana ndi womukwatitsa yemwe akhoza kumangidwa. Kenaka anati: "Mlongo, ukakana iwe, ine ndidzakhala pambuyo pako." Pambuyo! Ndinatsala pang'ono kuseka. Ngakhale pakhomo pa mayi awo akufunabe mpando wakumbuyo.

Koma ndinawaseka bwanji, Amayi? Iwo anayang'ana kumanja ndi kumanzere, ine ndinayang'ana kumbali. Tasiyana pati? Iwo bola anadziwa chimene ankawombera m'manja.

Pali china chimene sitinakambiranepo muli moyo. Chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, munda wathu uli thengo lokhalokha, bambo atatsala m'manda a kumeneko, ine ndinali msinkhu wa Lusiya. A Jowakimu anabwera ndi nkhwangwa n'kutigwetsera mitengo, ndipo mitengo itatha anandipempha. Tsiku la ukwati munavina kuposa aliyense. Koma m'mawa mwake ndinakuonani kudambo, mutakhala pa mtsuko wovundikira, mukulira mopanda mawu. Ndinabwerera mwakachetechete kuti musadziwe. Sindikukuimbani mlandu, munalibe lamulo, munalibe mchimwene ku Maputo, munali ndi ana anjala basi. A Jowakimu si munthu woipa, takalamba limodzi. Koma sukulu ndinaisiyira pomwepo, n'chifukwa chake Chipwitikizi cha pa kanema chinandidutsa. Ine ndinali nazo zonse zimene inu munalibe, n'kutambasulabe manja.

Chiyambire tsikulo Lusiya sanandinyoze. Amatunga madzi, amasinja, amapita kusukulu. Koma akamandipatsa madzi osamba m'manja sandiyang'ananso kumaso, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa kutukwanidwa. Mondokwa wa m'munda uja akukana kudya, akuti mano akumupweteka. Ine ndikudziwa kuti si mano.

Tikolola mwezi wamawa, ndipo alendo aja abwera. Munkakonda kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinkadikira achimwene kuti anditsekulire, chonsecho m'mimba mopotamo ndi mwanga. A Jowakimu ndawauza kale dzulo kuti Lusiya sakwatiwa, anangomasula fodya wawo, koma sanakane. Chimanga cha feteleza uja tidzachiika m'matumba, bambo uja adzanyamule pa njinga yake yamoto kubweza ngongole yake, ngakhale abwereze maulendo angati. Chotsala chikachepa tidzadya chinangwa, si koyamba. Anthu a pamjigo adzaseka, asekeni.

Ndikulonjeza, Amayi, pamphasa pomwe paja, pansi pa mango anu, ndidzayankhula ndine, achimwene asanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Lusiya ndidzamukhazika pafupi nane kuti amve ndi makutu ake. Nthungululu zina ndidzaimba tsiku limene adzamalize sukulu, ndipo ulendo uno ndidzakhala ndikudziwa chimene ndikuimbira.

Mupereke moni kwa bambo. Mundipempherere kuti mawu asadzandithawe pakhosi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozalina