Mbuzi ya a Jailosi yadya tchaja

Amake Mayankho,

Musadabwe ndi mbuzi ili kuseri kwa bafayo. A Jailosi a chigayo cha mpunga ku Lifuwu abwera nayo m'mawa uno, ati akulipirira kutsatsa malonda awo m'kalata yanga ija ya pa intaneti, yophunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndi AI. Ine ndimayembekezera ndalama za pa foni, koma sindinakane, poti chiyambireni ndi iwo okha atithandizapo.

Pomwe ndimawaperekeza, mbuziyo yakwera pakhonde n'kutafuna chingwe cha tchaja ya laputopu. Ndafunsa AI chochita, yayamba ndi kundipepesa mwaulemu, batire n'kuthera pomwepo. Kalata iyenera kutuluka lero, apo ayi a Jailosi adzatenga mbuzi yawo. Ndiye ndabwereka njinga yanu, ndathamangira ku Salima kukasaka tchaja ina.

Muipatse madzi, koma musaimasule. Sindikufuna kuiweruza msanga, mwina kwawo yachoka osadya. Pepaninso, chitenje chanu cha Mvano chomwe munayanika chija chafupikako mbali imodzi. Chonde musaimenye. Panopa thumba lonse la kalata yathu ndi mbuziyo, ndipo akuti ili ndi bere.

Ndine,
Bambo ake Mayankho