Apongozi Anawiritsa Riteyina Yanga

Aphungu,

Ndili Fomu 2 ku Dedza kunabwera wojambula zithunzi za kalasi. Atatiimika m'mizere anandiloza n'kunena kuti, "Iwe wa kumapetowe, tseka pakamwa, mano akowo akubisa anzako." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kuchokera tsiku limenelo ndinkaseka dzanja lili pakamwa, moti ngakhale pa chithunzi cholandira digiri ndimaoneka ngati ndili pamaliro.

Kuno ku Cape Town, nditayamba ntchito yophunzitsa masamu, ndinalimba mtima n'kuikitsa mawaya m'mano. Awachotsa chaka chino, ndipo Aphungu, mano anga afola bwinobwino. Lamulungu lotsatira ndinawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo wonse, ine amene ndinkakana ngakhale kwaya. Dokotala anandipatsa kapulasitiki koonekera mkati, kotchedwa riteyina, kovala pogona kuti manowa asabwerere mwakale.

Kenako apongozi anga, amayi awo a amuna anga a Sosten, anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzacheza mpaka Disembala. M'mawa wina anandiona ndikutulutsa kanthuka m'kamwa n'kukatsekera m'kabokosi. Sanafunse. Pochokera ku ntchito ndinakapeza kali m'mbale, katakhwinyata ngati chikopa cha pamoto. Anali atakawiritsa m'madzi a mchere.

Anati, "Anaphiri, n'chifukwa chake mwana wanga amangoti eya pa chilichonse mwanena. Kwathu mankhwala a pansi pa lilime timawadziwa. Ndawasukulutsa."

Ine sindiyankha akuluakulu. Koma tsiku limenelo ndinagwada, n'kuwaonetsa mano onse osabisa, ndipo ndinati, "Amayi, kanthu kaja n'kosunga awa. Ndawadikira kuyambira ndili mtsikana, sindilola kuti apotokenso." Iwo anangotuluka panja. A Sosten atamva anangoseka, amvekere, "Zisiyeni, amayi ndi achikale."

Dokotala wandipangira riteyina ina, koma inachedwa kutuluka, ndipo ikundithina kutsogoloku. Ndimaivala mobisa, ndipo masiku ena sindivala n'komwe poopa maso awo. Mumtima ndikumva kukoma kuti ndinalankhula, koma mwina ndinachita mwano osadziwa. Kodi ndiisiye kaye mpaka apite kumudzi?

T.P., Dunoon, Cape Town

*

T.P.,

Mwano ndaufunafuna m'kalata yanu, sindinaupeze. Munagwada, munawatchula kuti amayi, munanena zoona. Ndikanakhalapo ndikanakuimbirani m'manja.

Riteyinayo musaisiye. Mano amene angotuluka kumene m'mawaya sadikira mlendo apite. Kuthina mukumvako ndi umboni woti anali atayamba kale ulendo wobwerera. Ivaleni monga adokotala ananenera, osadumphitsa tsiku. Ikamalowa yonse, kuthinako kumachepa pakapita masiku ochepa. Ikamakana kulowa, kapena ikamapweteka kwambiri, musaikakamize ndi kuiluma. Bwererani nayo kwa adokotala msanga.

Kutsuka kwake n'kwa madzi ozizira, kasopo kochepa ndi mswachi wofewa wakewake. Madzi otentha ayi; izi apongozi anu akuphunzitsani kale. Ikakhala m'kamwa imwani madzi okha, tiyi adikire. Mukaivula ilowe m'kabokosi kake. Musaikulunge m'pepala, chifukwa wosesa adzaitaya ndi zinyalala, ndipo musaisiye pawindo padzuwa.

Tsopano za amayi. Iwo sanalimbane ndi mano anu. Anaona mkazi wa mwana wawo akutulutsa chinthu m'kamwa m'mamawa n'kuchibisa, ndipo kumene anakulira, zoterozo zili ndi tanthauzo limodzi lokha. Mukamaivala mobisa mukuwatsimikizira zimene akuganizazo. Itsukeni iwo akuona. Apatseni aigwire, aione kuti mulibe kanthu mkati. Tsiku lokaonana ndi adokotala apempheni akuperekezeni, mukakwere nawo takisi, akaone ana a sukulu atafola pa benchi ndi timabokosi tomwe tomweto. Mudzaona, akafika ku Ntcheu ndi iwo amene adzafotokozere anzawo za riteyina.

Amene ndili nawo mawu ndi a Sosten. Amayi awo anenera mkazi wawo kuti akuwadyetsa mankhwala, iwo n'kungoseka? Mlandu wotere ukakwera basi osathetsedwa, umakafika kumudzi utakula, ndipo mudzaupeza ukukudikirani pa maliro ndi pa maukwati. Woyenera kuuzimitsa ndi mwana wawo, kuno konkuno, Disembala asanafike.

Chenjezo langa ndi ili: musagule mtendere wa m'nyumba ndi mano anu. Mukangolola kamodzi, dzanja lidzabwerera pakamwa. Ng'ambani tsamba lino, mulipinde bwinobwino, muwapatsire a Sosten m'manja. Awerenge mokweza, amayi ali pomwepo.

Aphungu