Timadontho Tisanu ndi Kamodzi

Lachiwili, 9 Malichi 2010
Ndabwela kuchokela kuchipatala. Adokotala sanabise: mtsempha wa maso ukufa, mankhwala angochedwetsa. Ahedi, a Daka, akuti mphunzitsi wosaona bolodi sangagwile Giledi 6. Mwamuna wanga Josiah wandipelekeza mpaka kwathu ku Ndake. Ine, Joana, mwana amene ndinawoloka malile a Mozambiki ndili pamsana pa amayi, lelo kugonja ndi choko.

Loweluka, 20 Malichi
M'tauni ya Petauke. Kashopu ka intaneti pafupi ndi msika. Christabel, mwini wake, ananditsegulila tsamba lophunzitsa buleyili, zilembo za anthu osaona. Anakulitsa mpaka dontho limodzi kufanana ndi dzila. Timadontho tisanu ndi kamodzi basi, mizele iwili. M'menemo zilembo zonse, manambala, ngakhale nyimbo. Amene anakonza tsambali sandidziwa, sadziwa n'komwe kuti kuli Ndake, koma anandisiyila khomo lotsegula.

Loweluka, 17 Epulo
Sisitala Bernadette wa ku palishi yathu wandibweleka kasileti ka buleyili ndi kachitsulo kobayila mapepala. Ubaya kuyambila kumanja, ukatembenuza pepala uwelenga kuyambila kumanzele. Mutu kuwawa. Zala zanga za khasu sizimva kanthu. Ndikuzipaka mafuta ngati mkwatibwi.

Loweluka, 15 Meyi
Lelo zidule. M'Chizungu liwu lathunthu limatha kukhala kagulu kamodzi ka madontho. Ndimalemba chiganizo pakompyuta, tsamba n'kusonyeza zidule zoyenela, ine n'kuyelekeza ndi zimene ndinabaya kunyumba. Ndinalakwitsa zambili. Tsambalo silitopa, silindimvela chisoni. Chisoni cha anthu ndicho chandilemetsa miyezi yonseyi. Magetsi anathima tili pakati. Christabel anati, "Amai, inu ndiye mudzatiseka ife magetsi akamapita."

Lachinayi, 24 Juni
Diso lamanzele lapitilatu. Sindinabaye pepala, sindinapite kutchalitchi. Josiah watola thonje yekha.

Loweluka, 24 Julayi
Petauke. Tsamba sindikuliona bwino, Christabel ndiye amandiuza madontho: loyamba, lachitatu, lachinayi. Nkhani yonse ya ana imene ndinabaya, cholakwika chimodzi chokha. M'basi pobwelela, pepala pamwendo, nkhope ili kuwindo. Titadutsa pa Minga ndinazindikila kuti ndili pakati pa nkhani. Zala zinali kuwelenga zokha. Mulungu anabisa maso ena kunsonga za zala, zaka zonsezi ine osadziwa.

Lolemba, 13 Sepitembala
A Daka anabwela kudzaonelela phunzilo, kuti alembe lipoti la kuboma lonena za maso anga. Ndinawelengela ana nkhope ili kwa iwo. Onse anatchela khutu, ngakhale Febian, mwana wolongolola. Nditamaliza, ana anandandana kuti akhudze pepala. Kumapeto kwa mzele chala chachikulu, chokhakhala. Chinayenda pang'onopang'ono, kubwelela, kuyendanso. A Daka. Anafunsa motsitsa mawu, "Amai, apa palembedwa chiyani?" Ndinawauza. Anati lipoti liyembekeze, mawa ndibwele monga mwa masiku onse, za pabolodi tidzaona wolemba.

Josiah wasuzumila pano. Akuti mizele iwili yomalizayi ndalemba pamwamba pa inzake. Cholembela ndamupatsa, asunge. Zotsala ndizibaya ndi kachitsulo.