Mwala wa Mzere Woyera

Lolemba, 7 Epulo 2025

Madzi alowanso m'nyumba. Kudzera pansi pa chitseko ndi m'ming'alu ya simenti. Nelia, mkazi wanga, wakapa ndi beseni mpaka msana kuuma. Matiresi tawaimika kukhoma. Glory chifuwa chija chabwerera, m'nthiti mukulira ngati muli kamphaka. Zaka zitatu, kulemera kwake ngati nkhuku. Sabata yatha adokotala anayang'ana ine, osati mwanayo: "Mankhwala tikupatsani, koma mukakamubwezera m'chinyontho momwemo mudzabweranso." Ngati kuti kukhala kuno ku Chibavi ndinachita kusankha.

Kuntchito kuli nkhani. Bwana Stanford, eni kampani yathu ya zomangamanga, apeza ntchito kumpoto, kupitirira Karonga, kufupi ndi malire a Songwe. Malo a boma, pamene Angerezi ndi Ajeremani anamenyanirapo pa nkhondo ya chiwaya. Mpanda wa waya ndi maziko a chikwangwani chatsopano. Alendo akuluakulu adzafika pa 26. Tipita awiri, ine ndi Foster, mnzanga wa kuntchito. Ndiye anena poyera kuti chipinda cha kuseri kwa yadi yawo ku Lupaso chilibe munthu, mlonda wakale anapita kwawo. Wogwira bwino ntchito iyi ndiye alowamo.

Chipindacho ndimachidziwa, pulasitala ndinapaka ndine. Pamtunda. Malata atsopano. Pansi pouma gwa.

Foster alibe mwana, koma ndi wa konkuno, amaseka ndi bwana m'Chitumbuka ine n'kumangoti yewo. Ine wa ku Dowa, Sitandade 5. Changa ndi manja basi.

Loweruka, 12 Epulo

Ndabwera ndi lole kudzatenga simenti ina. Kope ndinalisiya kuno, ndiye ndilembe zonse lero.

Uko kukutentha, udzudzu ngati mchenga. Malo akewo si kanthu kodabwitsa. Manda asanu ndi amodzi a azungu, miyala yoyera yolembedwa, kampanda kachitsulo. Kuseri kwake bwalo pansi pa mitengo ya mango, losesedwa bwino, koma miyala ili apa ndi apo. Ndinadabwa, munthu kumasesa tsiku ndi tsiku koma miyala osachotsa. Ulesi wa ukalamba, ndinatero mumtima.

Woyang'anira malo ndi a Whyte, madala okoka mwendo, zaka makumi atatu pamenepo, kanyumba kawo kali pakona. Anatiphikira mpunga. Anafunsa ngati ndili ndi banja, ndinawauza za Glory. Akuti akakolola adzatumiza mpunga watsopano, wa phala, umakomera mwana wodwala chomene.

Lachinayi anapita ku maliro ku Kaporo, masiku awiri. Tsiku lomwelo lole ya miyala ya kwale inatitimira m'matope, siinafike. Bwana pafoni: konkire ithiridwe Lachisanu, za mvula sakufuna kumva. Foster akuti tidikire, n'kukakhala pamthunzi. Kudikira ndi kwa anthu ogona pouma.

Ndinatenga wilibala. Miyala ya pabwalo ija, yolimba, iliyonse ngati mutu wa munthu. Ndinawerenga, 43. Ndinaswa ndi hamala tsiku lonse, matuza m'manja. 42 inalowa m'maziko, konkire pamwamba, yosalala ngati tebulo. Umodzi ndinausiya, wakuda, wophwatalala, wa mzere woyera pakati. Ndabwera nawo kuti Glory azikhalapo, asamakhale pa simenti yonyowa. Waukonda. Akuti ndi mpando wake.

Bwana atamva kuti ndapulumutsa tsiku ndi ulendo wa lole, anandigwira paphewa Nelia akuona. "Davie, iwe uli ndi mutu." Ndadya bwino lero.

Lolemba, 14 Epulo

Foster waimba foni m'mawa, ndikukweza matumba. Mawu ake achilendo.

Akuti a Whyte anabwerako ku maliro Loweruka madzulo. Anaima pabwalo lija, kenako n'kukhala pansi, padothi. Dzulo sanadye. Miyala ija anali manda. Amtengatenga, anthu a m'midzi yomweyo amene ankasenzera asilikali katundu ndi zipolopolo, anafera pamenepo tsiku la nkhondolo. Mwala umodzi, munthu mmodzi. Agogo awo a a Whyte ndi amene anaiika, n'kuphunzitsa bambo awo, bambo awo n'kuphunzitsa iwo. Ankadziwa mwala uliwonse kuti ndi wa uje, wa mudzi wakuti. Mabanja ena mpaka lero amabwera kudzaima pa wawo.

Ndinakhala pa thumba la simenti.

Koma nanga ndani anandiuza? Panalibe chilembo, panalibe mtanda, ngakhale kamtengo. Kwathu manda amakhala kumsitu, munthu sungalowemo mwangozi. Manda ake ati okhala pabwalo ngati pouma chimanga? A azungu sindinawakhudze, anali olembedwa. Mwala ndi mwala.

Ndanena zimenezi kwa Foster. Anangodula foni.

Nelia sindinamuuze. Glory wadyera pa mpando wake.

Lachitatu, 16 Epulo

Bwana andiitana mu ofesi, chitseko n'kutseka. Nkhani yafika kwa akuluakulu a boma oyang'anira malo a mbiri yakale, akufuna lipoti lolemba lisanafike Lachisanu Loyera. Akuti zikaoneka kuti kampani inaphwanya manda pa malo a boma, ntchito yatha, dzina lawo latha, ine mwina mpaka kupolisi. Koma zikaoneka kuti woyang'anira malo ndi amene anatiloza miyalayo asanapite ku maliro, ndiye kulakwa ndi kwa wantchito wawo yemwe. Madala aja akalamba kale, mutu umaiwala, ndani angadabwe.

Pepala analemba kale mlembi, m'Chingerezi. Anandiwerengera. Loti a Whyte anandiuza kuti tenga iyo, ilibe ntchito, ndipo ndinawagulira kabotolo kothokoza.

A Whyte samwa mowa. Lachitatu la sabata yatha anakana ngakhale Fanta, akuti shuga.

Kiyi wa ku Lupaso anali pa tebulo, pafupi ndi cholembera. Sanamutchule. Andipatsa mpaka mawa.

Kunyumba ndapeza Nelia wamunyamula Glory akuchokera ku chipatala. Anamuika pa makina a mpweya maola awiri. Milomo yotuwa. Mvula ikadali kugwa.

Lachinayi, 17 Epulo

Ndasaina. Dzina langa ndimalemba bwino, zilembo zisanu.

Foster anamuitanitsa kuchokera uko kuti asaine ngati mboni. Wakana. Bwana amuuza kuti atenge zake. Potuluka pageti anandipeza ndikutsuka fosholo. Sanakweze mawu. "Ukagone bwino ku Lupaso, mdala." Basi.

Sindinamuchotse ntchito ndine. Pakamwa pake.

Loweruka, 19 Epulo

Tasamuka. Ulendo umodzi wa lole, katundu wathu yense sanadzaze ndi theka lomwe. Matiresi tawayanika padenga. Nelia wayendayenda m'chipindamo wopanda nsapato, kuponda pakona iliyonse, kuseka yekha. Wandiitana abambo ake a Glory, ngati kale.

Mwala uja ndinafuna kuusiya ku Chibavi. Glory analira mpaka kutsokomola. Ndaukweza. Uli pakhomo, masana umagwira chitseko kuti mphepo isamenye.

Lolemba, 28 Epulo

Kumaliza mpanda bwana anatuma ena, ine akuti ndisaonekeko. Lero andionetsa zithunzi pafoni. Galimoto zoyera, apolisi, ana a sukulu, azungu awiri atavala masuti pa kutentha konse kuja. Nkhata za maluwa aziika pa maziko anga. Sanang'aluke ngakhale pang'ono.

Mlembi wandiwerengera za pa chikwangwani. Mzere womaliza akuti tikumbukirenso amtengatenga amene mayina awo sadziwika. Alendowo aima pamwamba pawo akujambulitsa.

A Whyte mulibe m'zithunzi. Kalata yowachotsa ntchito inafika kale. Atuluke m'kanyumba kaja mwezi uno usanathe, mulowe wina.

Glory masiku asanu ndi anayi osatsokomola. Ndikuwerenga.

Lamlungu, 4 Meyi

Nelia anakumana ndi mlongo wake wa Foster ku tchalitchi ku Katoto. Wabwera osavula nsalu ya mpingo, n'kuima pakati pa chipinda. Wafunsa ngati za pepala ndinasaina lija n'zoona. Ndamufunsa ngati akufuna kubwerera ku Chibavi, nyumba ija sinalowe munthu, beseni lake tikadali nalo. Wangondiyang'ana.

Ndiye asandiyang'ane choncho. Amagona pouma ngati ine.

Za mwala wa pakhomo sakudziwa.

Lachiwiri, 13 Meyi

A Whyte abwera. Cha m'ma teni, ndikusakaniza matope a ngalande ya kutsogolo. Jekete lakuda, ndodo, kathumba ka pulasitiki m'manja. Ulendo wonse uja, mapiri a Chiweta onse aja, ndi mwendo umenewo. Anayamba apita ku maofesi m'tauni, anawauza kuti nkhani inatsekedwa. Njira ya kuno anawalozera Foster.

Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana. Anapereka moni bwinobwino, kufunsa za mwana. Za pepala sanatchule n'komwe. Akuti ntchito yapita, ipite. Chimene akufuna n'chakuti ndipite nawo tsiku limodzi ndikawaonetse pamene ndinayambira kutola ndi mmene ndinayendera ndi wilibala. Mvula inafafaniza mabowo onse mmene munali miyala. Pabwalo popanda miyala maso awo akusokonezeka, mizere sakuipezanso. Akufuna azikepo timitengo mutu usanataye mayina.

Ndikukumbukira bwino lomwe. Ndinayambira pa mango wopindika, kutsikira kumtsinje, mizere isanu ndi umodzi ya isanu ndi iwiri, umodzi uli pawokha kumapeto. Wakuda uja.

Bwana anali pawindo la ofesi yawo m'yadi momwemo, katani atakankhira pambali.

Ndinakweza mawu kuti amve. Ndinati, madala, munandiloza nokha, mwaiwala? Pitani mukapume.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anadutsa paphewa langa. Chitseko chathu chinali chotsegula, Glory atakhala pa mpando wake akudya mbatata. Ndodo inagwa.

"Uyo ndi Mwangomba," anatero. "Mng'ono wawo wa agogo anga. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mwana wane, ndipatse uyo yekha, ndikamubwezere."

Ukafika uko mwala umenewo, anthu afunsa kuti unali kuti. Woloredwa kutenga miyala yopanda ntchito sabisa umodzi kwawo. Pepala lija ligwa, chipinda chigwa nalo.

Ndinati mwala uwu ndi wa pa kwale ya konkuno, ilipo yambiri yotere. Ndinawatolera ndodo, kuwapatsa m'manja, kuwatembenuza paphewa mpaka panja. Geti ndinatseka ndi loko. Anaima kunjako mwina ola lathunthu, mapazi ndimawaona pansi pa geti. Nsapato za matayala.

Atapita ndinapeza kathumba kaja akakoleka pa chitsulo cha geti. Mpunga watsopano, fungo lake mpaka m'yadi. Mwina makilo awiri.

Nelia anali kuseri kwa chitseko nthawi yonseyo. Wamva zonse. Wamuchotsa Glory pamwalapo ngati pali moto.

Lachinayi, 15 Meyi

Dzulo holide, yadi yopanda anthu. Nelia anapita ndi mwana kwa mnzake ku Katoto. Asanatuluke anati tiukweze pa basi mwalawo, tilembe dzina la madala aja, palibe adzadziwe. Kondakitala adzadziwa. Foster adzadziwa. Bwana adzamva tsiku lomwelo.

Mwalawo ndinaupititsa kuseri. Wolimba kuposa anzake onse, hamala inadumpha kawiri. Unasweka pa kakhumi ndi chimodzi, motsata mzere woyera uja. Zidutswa ndathira mu konkire ya ngalande, pansi penipeni. Yauma bwino. Madzi a mvula azidutsa pamenepo.

Nelia sakulankhula nane. Mpunga wakana kuukhudza, akuti ndiutaye kapena ndidye ndekha. Kutaya chakudya ayi. Ndasinja ndekha, ndaphika phala. Glory wamaliza mbale yonse, wapempha lina. Masiku 26 osatsokomola. Masaya ayamba kubwera.

Atadya anapita pakhomo, kuyang'ana uku ndi uku, kusuzumira kuseri kwa chitseko. "Adadi, mpando wanga uli kuti?"

Ndamuuza kuti Loweruka ndikamugulira wa pulasitiki, wofiira.