Dzina la mkazi wanga pa kachigoba kaminga

Aphungu,

Ndikukulemberani mtima uli pawiri. Kuntchito ndikuvina, koma kunyumba ndikuyenda monyang'ama.

Ndimagwira ntchito mu labotale yofufuza miyala, chipinda chapansi chomwe mawindo ake ali m'mwamba moti anthu odutsa panja timangowaona nsapato. Amatibweretsera miyala yokumbidwa pansi kwambiri, pamalo pomwe kalekale panali nyanja. Timaiphwanya, kuisungunula ndi asidi, ndipo katope kotsalako timakapaka pa kagalasi n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Ine ndimasaka tizigoba ta tizamoyo ta m'madzi totchedwa dayinofulajeleti. Zinthu zikavuta, kamoyo kameneka kamadzimangira chigoba cholimba n'kugona m'menemo, ndipo nyengo ikakoma kamatsegula kakhomo n'kutuluka. Eni ake anafa zaka mamiliyoni zapitazo, koma tinyumba tawo tikadalipo, tating'ono ngati fumbi. Mitundu yake timaisiyanitsa poyang'ana minga yake komanso kakhomo kaja, kuti kali pati ndipo kanadulidwa bwanji.

Mwezi watha ndinaona kena komwe sikali m'buku lililonse. Aphungu, mukanakaona. Ndi kozungulira, kofiirira ngati uchi, minga yake ndi yamphako ndipo uliwonse kunsonga ukutambasuka ngati lipenga. Kakhomo kake kali pambali, pomwe abale ake onse ofanana nako kali pamwamba. Ndinakuwa mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana anadzithira tiyi pamalaya. Kamodzi sikakwana umboni, choncho ndinasaka m'magalasi ena ndipo ndinapeza tambiri, tonse tofanana. Abwana anga, munthu amene kuyamikira kumamuvuta ngati kuzula dzino, anasuzumira nthawi yaitali n'kuti, "Lemba, mphwanga. Aka palibe anakaonapo."

Pantchito yathu, wopeza mtundu watsopano ndiye amautcha dzina. Kutcha dzina lako lomwe n'zochititsa manyazi, ndiye ambiri amatcha munthu amene amamulemekeza. Dzinalo likangosindikizidwa silifufutikanso. Tili pachibwenzi ndinalonjeza mkazi wanga kuti mtundu woyamba umene ndidzapeze udzakhala wake. Iye anaseka nati, "Anzako akulonjeza nyumba zosanja, iwe ukulonjeza fumbi. Chabwino, ndidikira." Wadikiradi zaka zonsezi, kupirira malaya anga obooka ndi asidi ndi nkhani zanga za minga patebulo.

Ndiye pa tsiku lake lobadwa ndinati ndimudzidzimutse. Ndinakulitsa chithunzi cha kachigobako mpaka kufanana ndi chitseko cha kabati, kuchiika m'felemu, n'kulemba dzina lake pansi ndi zilembo zagolide. Pabalaza panali podzaza: apongozi, alamu anga, ndi amayi a kuntchito kwake. Nditavundukula nsalu yomwe ndinaphimbira chithunzicho, onse anayandikira kuti aone bwino. Kenako mlamu wanga wamng'ono anati, "Alamu, imeneyi si nkhupakupa?" Apongozi anavala magalasi, kuyang'ana, kuvulanso, nati, "Mwana wangayu mumamuona chonchi?" Ine m'malo mokhala chete ndinayamba kufotokoza za kukongola kwa minga, ndikuloza ndi supuni. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Panopa abale ake onse akumutcha Anaminga, ngakhale pafoni. Chithunzi chili kuseri kwa kabati, chayang'ana khoma. Mkazi wanga anandiuza kuti, "Dzina langa ulichotse. Anthu andiseke ndili moyo, ndikafa buku lako lizipitiriza?" Ndinavomera kuti ndichotsa. Atamva zimenezo anandiyang'ana ndi diso lina nati, "Ndiye upatsa ndani?"

Pepala lolengeza mtundu watsopanowu ndamaliza kulemba, patsala mpata wa dzina wokha. Abwana akundikakamiza kuti nditumize msanga, ena angatitsogolere. Ndikalembapo dzina lake ndimupweteka mpaka kalekale, ndikachotsa ndaphwanya lonjezo. Chonsecho, Aphungu, m'mawa uliwonse ndikasuzumira kachigoba kaja mtima umadumphabe ngati tsiku loyamba. Ndithandizeni, nditani?

D. W. K., kumzinda

Bambo D. W. K.,

Choyamba landirani mafuno abwino. Kupeza chinthu chomwe munthu wina aliyense sanachionepo si masewera, ndipo ine ndemwe, amene sindinagwirepo maikulosikopu, ndawerenga kalata yanu ndikumwetulira ngati ndapeza ndine. Vinani ndithu.

Koma munalakwa, ndipo munalakwa mwaluso. Inu mwakhala zaka mukuphunzitsa maso anu kukonda tinthu timeneti. Alendo anu munawapatsa nthawi yongokwanira kumeza fanta. Chinthu chaching'ono mukachikulitsa kufika pa chitseko cha kabati chimaopsa, ngakhale nsidze ya mwana wakhanda. Mkazi wanu sanakane mphatso. Anakana kusekedwa pabalaza pake, pa tsiku lake, pamaso pa anzake a kuntchito, mwamuna wake ali kalikiliki kuteteza minga m'malo moteteza iye.

Ndiye yambani ndi kupepesa pa zimenezo, popanda kuphatikizamo phunziro la sayansi. Mukangomva pakamwa panu pakutuluka mawu akuti "koma ukanamvetsa", tsekani.

Mukatero kaonaneni ndi mlamu wanu uja. Alamu amaseleulana, tikudziwa, koma nthabwala iyi munaiyambitsa ndinu ndipo woilipira ndi wina. Muuzeni mwachikondi kuti ngati akufuna Anaminga m'banjamo, dzinalo alibweretse kwa inu. Lilandireni ndi manja awiri, muziyankha akakuitanani. Dzina lachipongwe likapeza mwini wolisangalalira silichedwa kuzilala.

Mtima wa mkazi wanu ukatsika, mupempheni abwere kuchipinda chanu chapansicho tsiku lomwe kulibe anthu. Chithunzi chija chisiyeni komwe chili. Mukhazikeni pampando wanu, mumuonetse kaye kagalasi kali m'manja kuti aone kuti palibe chooneka, kenako asuzumire yekha, azipotokola yekha makinawo mpaka uchi uja uwale. Inu khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akafunsa, muuzeni zomwe mwandiuza inezi, kuti ndi kanyumba kopulumukiramo nthawi yamavuto, ndipo pakhomo potsegukapo ndi umboni woti mwini wake anatuluka wamoyo. Nkhani imeneyi ndiyo inayenera kukhala mphatso, koma inu munaisiya n'kutenga felemu.

Funso lake lija loti mupatsa ndani likundiuza kuti lonjezo lanu akulisungabe. Komabe musamuyankhire. Mufunseni kamodzi, momveka, ndipo chomwe anene chikhale chomwecho. Akavomera, lembani dzina. Akakana, katcheni potengera maonekedwe ake, kaya minga ya lipenga ija, ndipo musatupe nkhope. Abwana anu apempheni masabata ochepa. Ngati anadikira kuti mupeze umboni, adikiranso apa.

Chenjezo langa ndi ili. Musayerekeze kupatsa dzinalo mkazi wina aliyense, kaya mayi anu okuberekani, kaya mphunzitsi wanu wakale. Musayerekezenso kutumiza dzina lake mwakabisira poganiza kuti adzakondwa akadzaliona m'buku. Mwamudzidzimutsa kamodzi, zakwana. Mwanena nokha kuti kwanuko cholembedwa sichifufutika. Mukalemba iye asanalole, ana a ana anu adzawerenga m'bukumo tsiku lomwe agogo awo aakazi anati ayi, agogo aamuna osamva.

Aphungu