Wailesi ya a Walter

Lachitatu. Kwazizira tsiku lonse, ndipo ndatopa ndi kulankhula ndekha.

A Walter, agogo amene ndimawasamalira ku Falls Church, kuno kutsidya kwa nyanja, lero anakana kusamba. Akuti ali pa ntchito. Kale anali msilikali wa mawailesi. Ankakhala m'chipinda cha pansi pa nthaka, kudikira uthenga woti mabomba a nyukiliya aponyedwa, kuti aupereke kwa anzawo. Uthengawo sunabwere. Pano mutu sukuyendanso bwino, ndiye amagwira rimoti ya TV ngati wailesi n'kumaitana anzawo amene anamwalira kalekale.

Ndinapsa mtima, madzi akungozizira m'bafa. Kenako ndinapita kukhitchini n'kuyankha mokweza m'Chingerezi kuti, "Ndakumvani, kuno kuli bata." Anausa moyo n'kuvula okha malaya. Ndikuwasambitsa anati, "Anatiphunzitsa kuti ngakhale mzinda wonse utapsa, usasiye kuitana. Wina amakhala alipo."

Masana ndinamuimbira foni katatu Chikondi, mwana wanga amene ndinamusiya kalekale ku Zomba ali ndi zaka zisanu. Uthenga wanga wa Lamlungu anauwerenga, koma mpaka pano zii. Ndinalumbira kuti sindimupembedzanso.

Mawa ndiimbanso.